Kamtima ka Eni Ake

Yesenia Orduña anali asanathe ndi mwezi womwe pa ntchito yolandira odwala pa chipatala china cha mano ku El Paso, pamene anachita manyazi olakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Munali mu Disembala. Adokotala anamutuma kuti alembe uthenga wa chaka chatsopano m'Chisipanishi, woti upite kwa odwala onse. Atalemba anaitana mayi Chayo, omwe anakalambira pa ntchitoyo, kuti aone asanatumize.

Mayi Chayo anavala magalasi, anawerenga, kenako anagwira m'nthiti ndi phwete.

"Mwanawe! Ukufuna kutithamangitsira odwala?"

"Ndalakwitsa pati, mayi?"

"Apa! Año ndiye chaka. Iwe wasiya kanyongolotsi ka pamwamba pa n, walemba ano. Ukuwafunira agogo a eni ake kumatako kwatsopano!"

Yesenia anabisa nkhope m'manja. Chisipanishi anachiyamwira kubere, koma kusukulu ankalemba Chingerezi chokhachokha. Pa foni sizivuta, umangodinikiza chilembo kwa kanthawi, kanyongolotsi nkutulukira. Nanga pa kiyibodi ya Chingerezi ya mu ofesi, ñ akanamupeza pati?

"Ine ndimakatapa m'makalata akale nkudzamata," anatero mayi Chayo akupukuta misozi. "Funsa wa makompyuta uyo, akuseka pansi pa tebulopo."

Pansi pa tebulo panatulukadi mnyamata wamtali, waya ali m'manja, kumwetulira kuli mpaka m'makutu. Anali Ulises Barragán, amene ankayendera nthambi zonse za chipatalacho kukonza makompyuta.

"Musalire, achemwali," anatero akukoka mpando. "Bweretsani chala cha kumanzere. Dinikizani batani ili lolembedwa Alt, musalisiye. Tsopano ndi dzanja lamanja, pa manambala a m'mbaliwa, dinani 1, 6, 4. Siyani."

Pa sikirini panatuluka ñ, wovala kanyongolotsi kake bwinobwino.

"Watuluka!" anakuwa Yesenia.

"Ndaona pa baji yanu analemba Orduna. Dzina lokongola chonchi kumalivula chisoti? Ndi mlandu umenewo."

Anamuonetsanso zina: 130 ya é, 161 ya í, 168 ya chizindikiro cha funso chozondoka. Nthawi yonseyi dzanja lake linali pamwamba pa la Yesenia. Mayi Chayo atapita kukayankha foni, Ulises anatsitsa mawu.

"Pali kena komwe sindiphunzitsa aliyense. Alt ndi 3 basi."

Yesenia anadina. Panatuluka kamtima kakuda: ♥

"Kameneko ndi kanu nokha," anatero Ulises.

Kodi mtima wa mtsikana ukanapirira bwanji?

Chaka chatsopano chisanafike, "inu" anali atasanduka "iwe". M'mawa uliwonse Yesenia akangoyatsa kompyuta ankapeza uthenga ukumudikira.

"Wadzuka bwanji duwa langa? Dzulo ndagona ndikuganiza zala zako ♥"

"Zala zokha?" ankayankha choncho.

"Ndikanena zonse kompyuta ya adokotala ipsa, wapamtima."

Lamulungu madzulo Ulises ankabwera kunyumba atanyamula mabanzi otsekemera a mayi ake a Yesenia, nkudya msuzi wa nthumbwana wotchedwa menudo mbale ziwiri akuyamikira tsabola. Tsiku lina anakwera galimoto mpaka pamwamba pa phiri, pomwe El Paso ndi Juárez wa kutsidya kwa malire zimaoneka ngati mzinda umodzi. Anamugwira manja onse awiri.

"Yesenia, chaka chino chisanathe ndikuveka mphete. Ndikanama Mulungu andione."

Chokhacho chomwe chinkamudandaulitsa Yesenia chinali chakuti Ulises ankakhala ku Las Cruces, ulendo wosakwana ola limodzi, koma sanamutengereko ngakhale kamodzi.

"Ndimakhala ndi anyamata anzanga, nyumba yake ngati khola," ankatero. "Mfumukazi ngati iwe sungaponde mmenemo."

Mu Malichi, nyengo ya mphepo ya fumbi, ku ofesi kunabwera mtsikana watsopano wochokera ku nthambi ya ku Las Cruces. Dzina lake anali Noemí Argüelles. Anali wochepa thupi, wa tsitsi lofika m'chiuno, wosayankhulayankhula. Anamupatsa tebulo loyandikana ndi la Yesenia.

Tsiku loyamba lomwelo Yesenia anafuna kumukomera mtima.

"Dzina lako lili ndi timadontho tiwiri pa u. Ukafuna kulemba undifunse, ndikudziwa..."

"Alt ndi 129," anatero Noemí osayang'ana nkomwe. Zala zake zinkathamanga pa manambala ngati za woimba limba kutchalitchi.

Yesenia anamuyang'anitsitsa.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Kunyumba," anayankha Noemí.

Kunyumba? Kunyumba kwa ndani?

Lachitatu Ulises analowa akuimba mluzu, khofi wa Yesenia ali m'manja. Atangoona Noemí, mluzu unafera pakamwa. Khofi anatayikira pa nsapato yake.

"Mwadzuka bwanji, achemwali," anatero ndi mawu ouma.

"Ndadzuka," anayankha Noemí, maso ali pa khofi uja, kenako pa Yesenia.

Tsiku limenelo Ulises sanakhale pa ngodya ya tebulo la Yesenia monga ankachitira. Masana Yesenia anasuzumira pa zenera, ndipo anawaona awiriwo poimika magalimoto. Ulises anali atamugwira Noemí pa mkono, akumuyankhula pafupi ndi khutu. Noemí ankapukusa mutu.

Thupi lonse la Yesenia linatentha. Anatenga foni nkulembera Ulises.

"Mumanong'onezana chiyani ndi kamtsikanako?"

"Zantchito, duwa langa. Ndimamudziwa ku nthambi ija basi."

"Zantchito zimafuna kugwirana mkono?"

"Nsanje idzakupha iwe. Mtima wanga uli ndi chipinda chimodzi, ndipo kiyi ali ndi iwe ♥"

Kwa nthawi yoyamba kamtimako sikanamusangalatse.

Kuyambira pamenepo Yesenia anasanduka munthu wina. Noemí akapereka moni, iye ankayankha ndi mphuno. Odwala ovuta onse ankawakankhira kwa Noemí. Ankamuyang'ana tsitsi, ankamuyang'ana milomo, ankanunkhiza ngakhale mafuta omwe wadzola. Kodi ndi tsitsilo lamukopa? Kodi ndi kufatsako? Kunyumba ankaima pa kalilole nkumadzifunsa chomwe chikumuperewera.

"Mwanawe, ukuonda," anatero mayi Chayo tsiku lina. "Mwamuna si mpweya ayi. Idya."

"Ndisiyeni, mayi."

"Ndakusiya. Koma mwana wa eni akeyo sanakulakwire kanthu pamaso panga."

Chomwe chinathyola ngolo chinachitika Lachisanu m'mawa. Yesenia ankadutsa kumbuyo kwa Noemí atanyamula mafayilo, ndipo anaona chala cha kumanzere cha mtsikanayo chikudinikiza Alt, cha kumanja nkugunda 3. Pa sikirini panatuluka kamtima kakuda.

Kake kaja! Kosaphunzitsa aliyense kaja!

Mafayilo anagwa pansi. Anamukoka Noemí dzanja mpaka m'kachipinda kodyera, nkumenyetsa chitseko.

"Wakhala naye nthawi yaitali bwanji?"

"Ndani?"

"Usandipusitse! Ulises! Kamtima kaja wakatenga kuti? Anandiuza kuti ndi kanga ndekha! Wachokera ku Las Cruces konse kudzandilanda mwamuna, wopanda manyazi iwe!"

Noemí sanakalipe. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ake nkudzaza misozi.

"Khala pansi, Yesenia."

"Sindikhala!"

"Uthenga umene uja ndimalembera mkulu wanga, Dalia. Ndi iyeyo anandiphunzitsa kamtimako ndili wamng'ono. Amagwira ntchito mu ofesi ya parishi, amalemba mayina a ubatizo tsiku ndi tsiku. Manambala onse aja ali m'mutu mwake. Ndi iyenso anaphunzitsa Ulises, nthawi imene ankamufunsira. Ulises ndi mlamu wanga."

Yesenia anamva ngati makutu atsekeka.

"Mlamu wako?"

"Anakwatirana kutchalitchi. Ali ndi mwana wamkazi, Ximena. Wina ali m'njira, mwezi wake ndi uno."

"Ukunama."

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama. Tsiku lija pa magalimoto amandichonderera kuti ndisaulule. Ndinangokhala chete chifukwa Dalia mimba yake ndi yovuta, adokotala anati asamadandaule. Ndipo iwe ndimakuona mmene umamukondera. Ndimasowa poyambira."

Yesenia anakhala pansi tsopano.

"Ndionetse chithunzi chake."

"Chidzakupweteka."

"Ndionetse!"

Noemí anatulutsa foni. Dalia sanali chiphadzuwa choti nkudzidzimutsa munthu. Anali mayi wonenepa pang'ono, wa magalasi, akuseka pa khonde. Kumbuyo kwake kunali Ulises, atamukumbatira mimba ndi manja onse awiri, chibwano chili pa phewa lake.

Nsanje yonse yomwe Yesenia anaithira pa Noemí inali yamasewera poyerekeza ndi imene anaimva apa. Ndiye kuti ngakhale zija anamukopa nazo tsiku loyamba zinali za mkazi uyu? Ngakhale kagwiridwe ka chala kaja?

Masana Ulises anafika. Yesenia anakamuchingamira panja, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapepala.

"Duwa langa, maso afiira bwanji?"

"Dalia ali bwanji?"

Nkhope ya Ulises inagwa. Anayang'ana ku zenera la ofesi, kenako pansi.

"Ndimafuna kukuuza, wapamtima. Ndimadikira nthawi yabwino."

"Iti? Tsiku la mphete lija? Unadya m'mbale ya mayi anga, Ulises! Unawatchula amayi!"

"Tamvera. Ine ndi Dalia zinatha kalekale, timangokhalira mwana. Iwe ndiye moyo wanga. Akangochira ndimusiya, ndikulumbira."

Ndipo taonani mtima wa munthu kupusa kwake! Mbali ina ya Yesenia inafuna kukhulupirira. Inafuna kumva kuti iye ndiye wapambana.

"Ndiyang'ane m'maso," anatero. "Unene kuti sumukonda."

Ulises anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo foni yake inalira. Anayang'ana dzina, nkuyankha msanga.

"Dalia? Chiyani? Magazi? Ayi, ayi, usayende, khala pomwepo! Aitane a nyumba yoyandikana akutengere kuchipatala. Ndikubwera, mayi wa Ximena, usaope, ndikubwera!"

Makiyi anamugwa m'manja kawiri. Yesenia anali asanaonepo nkhope imeneyo: yopanda kumwetulira kokopa, yopanda mawu okoma, ya munthu amene akuopa kutaya chinthu chokhacho chomwe ali nacho. Analowa m'galimoto nkuliza matayala. Sanatsanzike. Sanacheuke nkomwe.

Yankho linali limenelo.

Noemí anatuluka akuthamanga, chikwama chili chotsegula.

"Wapita? Wandisiya? Mayi andiimbira, Dalia akupita naye kuchipatala! Basi ya ku Las Cruces inyamuka madzulo, ndichita bwanji ine?"

Yesenia anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anayang'ana mtsikana amene anamuzunza milungu yonseyi popanda chifukwa.

"Lowa m'galimoto yanga."

"Yesenia, sukuyenera..."

"Lowa ndisanasinthe maganizo!"

Njira yonse Noemí ankapemphera chamumtima, milomo ikugwedera. Atayandikira mzindawo, Yesenia anati, "Undikhululukire pa zonse ndinakuchitira."

"Unali kukonda," anayankha Noemí. "Wolakwa si iwe."

Pa chipata cha chipatala foni ya Noemí inalira. Anamvetsera, nkuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Wamwamuna! Amuchita opaleshoni, onse ali moyo!"

"Zikomo Mulungu," anatero Yesenia, ndipo ananenadi kuchokera pansi pa mtima, ngakhale mtima womwewo unkawawa ngati wathiridwa tsabola.

Noemí anatsika nkuthamangira mkati. Yesenia sanazimitse injini. Kudzera pa chitseko cha galasi anamuona Ulises atagwada, atakumbatira kamtsikana ka nsapato zofiira, akulira ngati mwana. Apongozi ake ankamusisita pamsana.

Anamuyang'ana mpaka mlonda anagogoda pa zenera.

"Achemwali, pano ndi pa ambulansi. Mukudikira wina?"

"Ayi, bambo," anatero Yesenia. "Ndilibe wanga muno."

Anatembenuza galimoto. Asanafike pa msewu waukulu foni yake inanjenjemera. Anaima m'mbali nkuwerenga.

"Duwa langa, pepa ndinathamanga. Mawa tikambirane. Ndimakukonda."

Anaseka kuseka kowawa, misozi ikugwera pa chiwongolero. Munthu amene mkazi wake anali asanatsitsimuke nkomwe! Apa ndi pomwe nsanje inamuthera. Anamumvera chisoni Dalia.

Anatseka nambalayo kuti isadzamupezenso, nkuimbira mayi ake.

"Amayi, ndikubwera. Musaphike zambiri, ndingofuna mundigwire."

"Chachitika nchiyani, mwanangu?"

"Ndikuuzani ndikafika," anatero, nkulowa mu msewu wa ku El Paso.