Utomoni pa Dzanja Lakufa

Dzuwa litapendeka, Fainala anatereka madzi oti athowe dzanja la amuna ake, monga ankachitira chigwereni a Levisoni m'munda wa fodya. Kuchipatala ku boma anati ndi sitiroko. Anthu a kwa Chulu sanavutike nalo dzinalo: munthu wamenyedwa hamala yamatsenga, basi.

Mbali ya kumanja inali itafa. Bambo amene posoka fodya ankasiya anyamata m'mbuyo tsopano ankalimbana ndi sipuni, phala likuchucha pakamwa popotoka. Adokotala anati azifinya kampira kansanza ndi kuyesa kuyenda ndi ndodo. Ankayesa ndithu, koma m'mawa ankadzuka otopa ngati alima ndime ziwiri. Zinawakwana.

Tsikulo a Levisoni anayang'anitsitsa dzanja lakufalo lisanalowe m'madzi. Zala zinali bii, zomata utomoni wa fodya wamuwisi, ndipo pachala chachikulu panali bala la singano.

"Mayi... a Chikhumbo," lilime linalemera, "ichi?"

"Ndi litsiro chabe. Bweretsani kuno."

Mawa lake utomoni unabweranso, fungo lake n'kukakamira m'bulangete. M'mudzi munali manong'onong'o. A Mphepo, amene anafa ziwalo chaka chatha, anawapeza atauma pamphasa, manja ali matuza okhaokha, munthu wosagwira khasu miyezi yonseyo. Amayi olawirira kumjigo ankati akumamva masamba akuthyoka m'minda mopanda munthu, thyo, thyo, ndi kupuma kwa munthu wolema.

Lefina, mlongo wawo wa a Levisoni, anabwera kudzazonda.

"Achimwene, akukugwiritsani ntchito," ananong'ona. "Mbali iyi sinafe ayi. Ili kwa munthu."

"Nda... ni?"

"Amene chigafa chake chadzaza. Musanditchule."

A Levisoni anachita mantha, koma mtima unawawa kuposa. Chigafacho akanachidziwa: mfundo yawo yomangira fodya pamkangala woyanikira inali yobwerera kumbuyo, ya malemu bambo awo, ndipo panalibe wina woimanga. Choncho anaumirira ndodo. Lero pakhonde, mawa pankhokwe, mwendo ukukwekwereza m'fumbi.

Madzulo ena, Fainala ali kudimba, a Levisoni anazungulira kuseri kwa nyumba kuti akasuzumire kwa anansi. Sanafikeko. Chigafa chawo chomwe, chimene ankachiyesa chopanda kanthu poti wothyola panalibe, chinali tho mpaka kudenga. Anagwira mkangala wapafupi. Mfundo yawo. Anagwira wina, yawonso.

"Mwafulumira kuyenda, bambo a Chikhumbo."

Fainala anali ataima kumbuyo kwawo, mapewa ali khoba ndi kutopa. Sanakalipe.

"Ndikanatani? Fodya amapsa m'munda, ana anatithawira ku Joni. Mbali yongogonayo ndinangoibwereka. Ndimati tikamaliza ndikubwezereni."

"Bwe... zani."

"Fodya wa kumunsi kudambo sitinathyole," anatero akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo dzanja limodzi likuchedwa."

Ndodo inagwa yokha. Zala za kumanzere zinali zitayamba kuchita dzanzi.