Pepala Losauma

Izi si zam'maluwa ayi. Mwana wamkazi wa telala wina adaziona, ndipo mphunzitsi wa zojambula adakhudza pepalalo ndi chala chake.

Telala uja, chimwalirire mkazi wake, adangofookeratu. Makina osokera adachita dzimbiri. Chinkamudya mumtima n'chakuti nkhope ya malemuyo inkamuthawa. Akatsinzina ankangoona khutu, mwina tsaya, osati munthu wathunthu. Mwana wake adamulowetsa sukulu yojambula kuti asamangokhala ndwii.

Mphunzitsi adamupatsa chithunzi choti atengere ndi utoto wamadzi: mayi wodukaduka ngati zidutswa za nsalu, maso onse ali mbali imodzi.

"Ameneyu wagundidwa ndi lole kapena?" adadandaula telala.

"Amajambula choncho dala, bambo. Pakani kachidutswa kamodzi, kaume, kenako kena. Zikakhudzana zili zonyowa, utoto umayenda wokha."

Koma munthu wotopa n'kudikira, wapi! Atafika kunyumba, adagundanitsa zidutswa zonse zisanaume, n'kusiya pakamwa pokha, n'kukagona dzuwa likuswa mtengo.

Podzuka, m'chipinda munkanunkhira mafuta amene mkazi wake ankadzola. Mpopi unkadontha. Pepala linali lonyowabe. Diso limodzi linali litasuntha.

M'mawa mwake mphuno idawongoka. Kenako pachibwano padatuluka kachipsera komwe iye sadajambule.

Mwana wake adagwira pakamwa. "Ababa, awatu ndi amayi."

"Ndawaona." Misozi inkangoyenderera. Adakondwa, inde, koma mantha adamugwiranso.

"Pakamwapo musajambulepo, chonde," adanong'ona mwanayo. "Akakuitanani muyankha, ine nditsala ndekha."

Adabisa burashi m'chikwama, n'kupita nayo kuntchito. Pobwera madzulo adapeza nyumba ili zii. Fungo lija lili thoo. Madzi a m'kapu yotsukira burashi atafiira. Bambo ake ali pampando, manja ouma, opanda utoto.

Pakamwa panali patajambulidwa. Potsegula pang'ono.

"Ababa?"

Sadatembenuke. Adapendeketsa mutu kupepala kuja ngati womvetsera, n'kunena motsitsa, "Ndamva. Nanenso ndatopa. Ndikubwera."

Bambowo adawaika m'manda sabata yomweyo.

Mphunzitsi akuti utoto wamadzi suchedwa kuuma. Koma pepalalo lili m'kabati, ndipo mpaka lero limanyowetsa chala. Mwanayo adasiya kuliyang'ana. Pambali pa amayi ake payamba kutuluka khutu la munthu wina.