Timikanda ta M'firiji

Mtembo wa Pulofesa unagona chafufumimba pansi pa sinki m'chipinda chake chochitira kafukufuku, mutu utaphwanyidwa ndi chitsulo. Madirowa anali okhuthulidwa, kompyuta palibe. Pamene Inspekitala ankafika m'mawawo, anyamata ake anali atamanga kale mlonda, bambo wachikulire amene anali atamukhazika pakhonde.

"Wakuba ndi yemweyu," anatero wachiwiri wa malemu, dokotala wa jekete loyera, osayang'ana n'komwe mtembowo.

Anthu otere Inspekitala ankanyansidwa nawo: maliro apakamwa, maso ali gwa.

"Muno mumapanga chiyani?" anafunsa Inspekitala.

Dokotala anadzitukumula. Anamuonetsa kagalasi kokhala ndi timipaipi topyapyala ngati tsitsi. Mankhwala akadutsa m'menemo, anatero, amakumana ndi madzi a sopo wapadera n'kudukaduka kukhala timikanda tofanana ndendende, timene timakasungunuka tokha tikamva kutentha kwa m'thupi.

"Dzulo m'pamene tatuluka tofanana koyamba. Ndinaweruka makina akuyenda, malemu ali pompo."

"Makina akaima osatsuka kagalasika?"

"Timipaipi timatsekeka, katha ntchito. Katsukidwe kake timadziwa ine ndi malemu basi."

Inspekitala anakayang'ana padzuwa: koyera mbee. M'firiji munali botolo la timikanda, lotsekedwa bwinobwino. Mu sinki, magazi amene anagwera m'menemo anali atakutidwa ndi thovu la sopo.

Masana, m'chipinda chofunsira mafunso, Inspekitala sanazungulire.

"Mbava yaulemu bwanji, adokotala. Kupha munthu, kuba kompyuta, kenako n'kutsukira eni ake ziwiya. Sopo wagwera pamwamba pa magazi, ndiye kuti wotsukayo anatsuka munthu atagwa kale. Mlonda uja sadziwa ngakhale pozimitsira makina. Odziwa kutsuka munali awiri, winayo anali pansi."

Dokotala anaulula.

"Makoswe amene tinkayesera mankhwalawa anafa. Pulofesa anati sopoyo ndi poizoni, akhuthulira zonse mu sinki, tiyambirenso. Moyo wanga wonse uli m'botolo limenelo."

"Ndiye munadumpha mnzanu akupumira m'mwamba kuti mupulumutse kagalasi, mlandu n'kusenzetsa nkhalamba ya eni."

Inspekitala anatuma wapolisi kukamasula mlonda, unyolo womwewo abwere nawo kuno. Unyolowo uli m'manja mwake, dokotala anatembenuka. Koyamba tsiku limenelo misozi inali lengelenge.

"Chonde bwana, botololo lisachoke m'firiji."

"Limenelo ndi umboni. Likakhala kuchipinda chathu chosungira katundu, chamalata, pamodzi ndi zikwanje ndi njinga zobedwa, mpaka mlandu udzalowe m'khoti," anatero Inspekitala akutsegula chitseko. "Paja munati timasungunuka tokha."