Kaseva ka Dziwazonse

Pa kampani ina panali mkulu wa makompyuta amene anzake ankamutcha Dziwazonse, munthu wodzimva, wosauzika. Ndiye anasankha seva, kompyuta yoti usiku uliwonse izikoka mafayilo a kampani yonse pa netiweki n'kuwasunga pa tepi. Anatola kaseva konyozeka, ati zazikulu n'zongodzionetsera.

Tsono makina a tepi safuna kudyetsedwa pang'onopang'ono. Mafayilo akamachedwa kufika, tepi imaima, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuyambanso. Kunkacha ntchito isanathe. Dziwazonse anakankhira mlandu mlamu wake, amene ankachezera pa makinawo usiku. Mlamuyo anachotsedwa ntchito, ndipo pasanapite nthawi anamwalira. Vuto lokha ndi limene linatsala.

"Mawa ndipeze zonse zili pa tepi," anatero bwana madzulo ena. "Apo ayi, mudzasiye makiyi."

"Zazing'ono izo, bwana."

Dziwazonse anatsala yekha m'chipinda chozizira cha makina. Tepi inayenda, inaima, inabwerera. Kenako anamva masilipasi m'khonde. Khwe, khwe, khwe. Zii.

"Alonda, ndinu?"

Pa kamera mlonda ankaoneka ali kugeti, akuodzera.

Tepi ikayenda, mapazi ayenda. Ikaima, aima. Ikabwerera, nawo abwerera, koma osafika pomwe anachokera. Dziwazonse ankadziwa munthu mmodzi yekha amene ankavula nsapato n'kuvala masilipasi pa ntchito ya usiku.

Mapazi anafika pakhomo. Mwamuna wa mawu aakulu uja anakwawa pansi n'kuzula chingwe cha magetsi cha seva. Ntchito ipite, bola moyo! Tepi inakhala chete.

Chitseko chinatseguka. Mpando unalira ngati wina wakhalapo. Ndipo tepi inayamba kuyenda, ulendo uno osaima.

M'mawa mayi wokolopa anamupeza Dziwazonse atadzipanikiza kuseri kwa kabati ya makina, buluku litanyowa.

"Bambo, mwagona muno?"

Chingwe chinali chikhalire m'manja mwake, seva ili chizimire, koma tepi inali itadzaza bwinobwino.

Bwana anakondwa, makiyi sanalandidwe. Koma anthu amanong'onezana kuti malemu sanabwere kudzabwezera. Anangobwera kudzaonetsa kuti chimene chinkamuchedwetsa ndi kaseva kaja.

Mlungu womwewo Dziwazonse anaitanitsa seva yaikulu, popanda womuuza. Mpando uja amaulambalala mpaka lero, ndipo dzuwa likangopendeka, woyamba kutuluka pageti amakhala iyeyo.