Zenera Loyezera Wina

Rute anakumana ndi Elifala pasiteji ya basi pa Mponela, chaka chomwe anthu anali atangovotera zipani zambiri. Rute anali mphunzitsi, wamfupi ngati mtondo. Elifala anali wojambula mapulani a nyumba, tepi yoyezera m'thumba, pakamwa pali uchi wokhawokha.

Ankati nyumba siyambira pa njerwa, imayambira pa munthu wodzakhalamo. Wojambula weniweni amayamba waona kutalika kwa mwininyumba, dzanja lomwe amagwirira ntchito, ndi komwe maso ake amathamangira akadzuka. Rute ankangomvetsera, mtima uli dyokodyoko.

Tsiku lina Elifala anamuimika Rute pakhoma n'kumuyeza msinkhu, nalembapo kamzere ka pensulo. Analembanso kuti ndi wamanzere, komanso kuti mayi ake amayendera ndodo.

"Duwa langa, zenera lakukhitchini lidzakulekeza m'chiuno, uzidzaona mapiri a Ntchisi uku ukutsuka mbale. Masitepe sindiikapo, amayi angadzavutike."

Mawu oterewa akanawakana ndani? Rute analandira mphete yachitomero, ndipo atafuna kumusamutsira kusukulu ina ku Lilongwe anakana, kudikira nyumba yomwe inkamangidwa pachitunda china ku Bowe. Elifala anamuletsa kukaiona, ati akufuna adzaione itatheratu. Malata atakhomedwa, makalata ake anayamba kufupika, kenako anasiyiratu kubwera.

Loweruka lina m'mawa Rute anakwera matola osauza munthu.

Pakhomo anapezapo masitepe asanu. Anawakwera n'kulowa. Kukhitchini anaima ndi zala zakumapazi kuti asuzumire pazenera, koma anangoona mitambo. Mashelefu sanawafikire. Poyanika mbale panaikidwa mbali ya munthu wogwiritsa dzanja lamanja.

Elifala anatulukira kuchipinda, nkhope itagwa. Anayamba kupepesa, ati amisiri ndiwo anasokoneza miyezo iye ali ku Lilongwe.

Apa Rute anamutembenukira mwaukali.

"Amisiri? Iwe amene unagwetsa khoma la anthu chifukwa cha inchi imodzi? Unandiphunzitsa wekha kuwerenga nyumba, lero ukundiyesa chitsiru! Mayi anga akwera bwanji apa? Wamtali ameneyu ndani?"

Maso a Elifala anathawira kukhoma lina losapaka penti. Rute anatsatira masowo. Pamwamba pa mutu wake panali kamzere ka pensulo, kofanana ndi komwe anamulembera iye tsiku lija. Pambali pake panalembedwa dzina: Kristina.

Misozi inabwera, koma Rute anaimeza. Zaka ziwiri zodikira, ndi ntchito ya ku Lilongwe yomwe anaikana, zonsezo kusungira mnzake malo! Anavula mphete ija n'kuiponya pashelefu yapamwamba penipeni, pomwe inakalira n'kukhala chete.

Elifala anamugwira mkono, akuti akhale pansi akambirane. Rute anauthotholamo mkonowo.

"Umuuze adzatenge yekha mpheteyo. Iye amafikirapo."