Kachiwala ndi Kakowa wa Mapazi Achikasu

Uyu ndi Kachiwala. Si dzina lake lenileni ayi. Kunyumba anamupatsa dzinali chifukwa sakhala pansi. Ukamuona apa, wafika kale apo.

Kachiwala ali ndi vuto. Achimwene ake akuti iye ndi wabodza.

Zinayamba Lolemba. Kachiwala anapita kugombe ndi amayi. Kumeneko anaona kakowa. Kakowa ndi mbalame yoyera ya miyendo yaitali. Koma kakowa uyu anali ndi mapazi achikasu.

Kachiwala anathamanga kukauza achimwene. Anawapeza pakhonde akukonza njinga ndi anzawo.

"Achimwene, ndaona kakowa wa mapazi achikasu!"

"Iwe, akakowa onse ndi amodzi," anatero achimwene. "Thupi loyera, miyendo yakuda. Basi."

"Koma ndamuona ndi maso angawa!"

"Mawa udzaona mbuzi yovala chipewa."

Anzawo aja anaseka. Kuyambira tsiku limenelo, Kachiwala akanena kanthu, achimwene amangoti, "Zayambanso zachikasu zija." Mawu amenewa ankamupweteka kwambiri. Kachiwala ndi wopupuluma, inde. Koma bodza sanena.

Azakhali ake ndi ojambula zithunzi. Amajambula mbalame. Amajambula nkhanu. Amajambula akamba a m'nyanja. Ali ndi kamera yaikulu ndi kamera yaing'ono.

Loweruka m'mawa, Kachiwala anapita kwa azakhali.

"Azakhali, mukandijambulire kakowa uja."

"Anamuona ndani?"

"Ine."

"Ndiye akajambula ndiwe."

Azakhali anamukoleka kamera yaing'ono m'khosi. Anamuonetsa podina. Anayenda onse mpaka kugombe.

Nyanja iyi ndi yamchere. Madzi ake amapita, kenako amabwera. Akapita amasiya matope. Mbalame zimatera pamatopepo kudzadya.

Azakhali analoza mwala wathyathyathya. "Madzi akabwera n'kumiza mwala uwo, mbalame zichoka. Ifenso tibwerera kunyumba."

Kachiwala anaona akakowa ambiri. Anali mbee pamatope. Anathamanga, kamera ili lendelende pachifuwa.

Akakowa onse anauluka.

"Iwe mwana," anatero azakhali. "Wabwera kudzajambula kapena kudzapirikitsa?"

Awiriwa anakhala kuseri kwa bwato lakale. Anadikira. Kachiwala anayabwa bondo. Anayabwa khutu. Anayabwanso bondo. Kukhala chete ndi ntchito yolemetsa kwa mwana ameneyu.

Akakowa anabwerera. Anatera m'madzi osaya.

Tche! Tche! Tche! Kachiwala anajambula zithunzi zambiri. Kenako anaziyang'ana pa kagalasi ka kuseri kwa kamera.

Mitu ikuoneka. Mapiko akuoneka. Mapazi sakuoneka. Mapazi onse ali m'madzi.

"Dikira atukule mwendo," anatero azakhali.

Kachiwala anasankha kakowa wamkulu. Anamuyang'anitsitsa. Kakowa wamkuluyo anatukula mwendo.

Tche!

Kachiwala anayang'ana chithunzi. Phazi linali lakuda bii.

"Azakhali, kapena ndinalota?"

"Usayambe kudzikayikira. Yang'ananso. Mlomo wake ndi wotani?"

"Wachikasu."

"Nanga wa Lolemba uja, mlomo wake unali wotani?"

Kachiwala anatseka maso. Anakumbukira.

"Wakuda. Ndipo anali wocheperapo."

"Ndiye si yemweyo," anatero azakhali. "Akakowa amafanana, koma si amodzi. Wamkulu uyu, mlomo wachikasu, mapazi akuda. Wamng'ono, mlomo wakuda, mapazi achikasu."

Kachiwala anabwereza motsitsa mawu. "Mlomo wachikasu, mapazi akuda. Mlomo wakuda, mapazi achikasu."

Madzi anayamba kubwera. Anafika pafupi ndi mwala uja.

Tsopano Kachiwala anasiya kuyang'ana miyendo. Anayamba kuyang'ana milomo. Uyu wachikasu. Uyu wachikasu. Uyonso wachikasu.

Ndipo uyo, kumapeto! Mlomo wakuda!

Kakowa wamng'onoyo anali payekha. Ankavundula matope ndi mwendo umodzi. Tinsomba tikatuluka, iye jompho! Kachiwala anadikira. Kakowa anatukula mwendo.

Tche!

Phazi linali lakuda. Linali lodzaza matope.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kachiwala. "Wadetsa mapazi ake," anatero. "Achimwene sadzandikhulupirira."

"Madzi akubwerawa amusambitsa," anatero azakhali. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kachiwala anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Anagwiranso kamera.

Madzi anakwera. Anaphimba matope onse. Anayamba kunyambita mwala. Akakowa aakulu anauluka, mmodzi mmodzi.

Wamng'ono uja anayenda m'madzi. Anayenda pang'onopang'ono. Kenako anakwera pamwala.

Mapazi achikasu! Osamba bwino, ngati nthochi zakupsa!

Kachiwala analozetsa kamera kumapazi. Tche!

"Ndamupeza, azakhali! Ndamupeza!"

"Tsitsa mawu. Tione."

Azakhali anayang'ana chithunzi. Anagwira pakamwa kuti asaseke.

"Mapazi ndawaona. Nanga mutu uli kuti?"

Kachiwala anayang'ana. Pachithunzi panali mapazi awiri ndi mwala. Mutu panalibe. Thupi panalibe.

"Achimwene ako adzati iyi ndi nkhuku," anatero azakhali. "Chithunzi chionetse mbalame yonse. Mlomo ndi mapazi, zonse pamodzi."

Madzi anali atakwera kale pamwala. Kakowa anatambasula khosi. Anayang'ana uku ndi uku. Anali pafupi kuuluka.

Kachiwala anakwezanso kamera. Anaika zigongono pabwato. Anayang'ana mlomo. Ulimo. Anayang'ana mapazi. Alimo. Anagwira mpweya.

Tche!

Kakowa anauluka. Funde linabwera, mwala unamira.

Kachiwala anachita mantha kuyang'ana. Anapereka kamera kwa azakhali.

"Ayi," anatero azakhali. "Wajambula ndiwe. Yang'ana wekha."

Kachiwala anayang'ana ndi diso limodzi. Kenako ndi maso onse awiri. Chithunzi chinali chopendekeka pang'ono. Koma mbalame inalimo yonse. Mlomo wakuda. Thupi loyera. Miyendo yakuda. Mapazi achikasu.

Anafika kunyumba masana. Amayi anali akuyanika zovala. Achimwene anali pampando, akuwerenga.

Kachiwala anapita kwa achimwene. Anangoika kamera m'manja mwawo.

Achimwene anayang'ana. Anayandikiza kamera kumaso. Anaipendeketsa. Anapukuta kagalasi ndi malaya. Mapazi anakhalabe achikasu.

"Azakhali, simunapake utoto inu?"

"Funsa mwini chithunzi," anatero azakhali.

Amayi anabwera kudzaona. "Ee! Wajambula ndiwe, mwanangu?"

"Ndine, amayi."

Achimwene anakanda mutu. Anatsokomola pang'ono.

"Unanena zoona, mchemwali wanga," anatero. "Ndinakuseka pachabe. Pepa."

Kachiwala anamva kukoma mumtima. Anamva kukoma mpaka m'zala za kumapazi.

"Mukawauzenso anzanu aja," anatero.

"Ndikawauza lero lomwe."

Achimwene anadina, panabwera chithunzi china. Anali kakowa wamkulu uja.

"Nanga uyu? Bwanji mapazi ake ndi akuda? Si yemweyo?"

Kachiwala anayang'ana azakhali. Azakhali anangomwetulira.

Kachiwala anatenga kamera m'manja mwa achimwene.

"Sunthani pang'ono, achimwene," anatero. "Ndikuphunzitseni. Tiyambire kumlomo."

Achimwene anasuntha.