Nsalu ya Sapitwa

Amuna anga, a Obadiya Mbewe, anaphunzitsa zaka makumi atatu kwathu kuno ku Kabudula. Malo onse otchuka a m'Malawi anali m'mutu mwawo: mathithi a Manchewe, dzenje la Chingwe pa phiri la Zomba, zojambula za makolo m'mapanga a Chongoni. Ankawafotokoza ngati anabadwira komweko. Chonsecho munthuyo sanapitirirepo Dedza. Ine ndinkawaseka kuti, "Abambo, inu mumayenda ulendo ndi choko basi."

Chaka chija tinavota kachiwiri, mwezi wa Juni, kukuzizira. Lachitatu madzulo ndikuanula zovala, dzuwa litalowa kale, ndinamva njinga kwi, kwi, kwi. Anali munthu wamtali, wajekete lakuda, kamera ili pakhosi. Pakaliyala anamangapo nsalu zitatu zokulunga.

"Odi kuno! Wojambula."

Ojambula timawadziwa ife. Amabwera Lamulungu masana, anthu akutuluka m'tchalitchi, dzuwa lili pamutu. Nanga uyu wamdima? Ndinamufunsa kwawo. Anati, "Kutsogoloku." Ndinamufunsa dzina. Anangomwetulira.

Anatambasula nsalu imodzi pachingwe changa choyanikira. Pansalupo anajambulapo mathithi, madzi oyera akugwa kuchokera pathanthwe.

"Manchewe!" anakuwa amuna anga. Anathamangira m'nyumba kukamanga tayi.

Ataima patsogolo pa nsaluyo, kamera inangoti tcha, popanda kuwala kulikonse. Atalowa m'nyumba, malaya awo anali chinyezi chokhachokha, magalasi ali ndi timadontho. Mvula ya kuti mu Juni?

"Abambo, mwanyowa ndi chiyani?"

"Amake Naomi, ndawamva. Amalira ngati chigayo."

Maso awo anali ngati a mwana wa Sitandade 1. Ine sindinagone.

Lachinayi, nthawi yomweyo, kwi, kwi, kwi. Ulendo uno inali nsalu ya dzenje la Chingwe. Abambo anabwerako ndi matope akuda kunsapato, oti kuno kulibe. Anadya pang'ono. Anangonena kuti m'dzenjemo mumatuluka mphepo yozizira, ndipo wina amatsokomola pansi.

Ndinatuluka kukamupanikiza mlendoyo. "Kodi zithunzi zadzulo zili kuti?"

"Sizinatsukidwe, mayi. Mawa ndi Sapitwa."

Atapita ndinayatsa nyali n'kuunika pabwalo. Pamchenga ponsepo panali mapazi a abambo ndi anga. Matayala a njinga, ayi ndithu.

M'mawa ndinafunsa pa msika. Palibe anamuonapo. Ndinapitirira mpaka pa esiteti kwa a Zakeyu, tenanti wochokera ku Phalombe, munthu woti phiri la Mulanje anakulira patsinde pake. Nditatchula Sapitwa, anaika pansi fodya amene ankasankha.

"Mayi, musawalole. Koma akakakamira, muwauze ichi. Paphiri paja ukapeza chakudya, umadya wekha, chamumtima. Suitana munthu. Ukangoitana, eni phiri amakutenga."

Ndinawauza abambo mawu onsewo osasiyako. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Zimenezo ndinkauza ana ngati nthano. Ine mkulu wa mpingo ndiope nsalu, eti?"

"Nanga matope aja?"

"Amake Naomi, zaka zonsezi ndaphunzitsa phiri lomwe sindinalione. Ndisiyeni ndilione kamodzi."

Ndinawabisira nsapato m'nkhokwe. Anavala mapatapata, n'kutenga ambulera yawo yakuda. Iii, liuma la aphunzitsi! Njinga italira, ine ndinakhala phee kukhitchini. Ndinali nditakwiya, ndipo ndikuvomera, ndinkaopa.

Kunayamba kuzizira mwachilendo. Utsi unaleka kukwera. Kenako fungo la mkungudza, ngati la bokosi lakale la zovala, linadzaza khitchini yonse.

Tcha.

Chete.

Ndiye ndinamva mawu awo, koma patali, ngati munthu ali kutsidya kwa dambo.

"Amake Naomi! Bwerani tidye! Kuli nthochi zakupsa kuno!"

Mayo ine! Zaka makumi anayi tili pabanja, munthu uja sanaikepo kanthu m'kamwa osandiitana. Ngakhale mbatata imodzi ankaibenthula pakati. Malangizo a a Zakeyu akanawakumbukira bwanji, pakamwa pataloweza kale?

"Khalani chete, abambo!" ndinakuwa ndikuthamanga.

Pabwalo panalibe munthu. Panalibe njinga. Nsalu yokha inali lende pachingwe, yozizira ngati mwala wa m'madzi. Pansi pake panali patapata imodzi.

Tinafunafuna. A mpingo anayenda mpaka ku Nsaru ndi ku Nambuma. Naomi, mwana wathu, anabwera kuchokera m'tauni n'kukanena kupolisi. Anthu nawo pakamwa sipaphwa. Ena akuti anathawira kwa mkazi wina ku Mchinji. Munthu wa patapata imodzi? Ena amanong'ona kuti anawasandutsa ndondocha, akulima fodya usiku pa esiteti ina. Ndikadutsa pa mjigo, onse amati zii.

Nsaluyo ndinakana kuti aiotche. Ndinaipachika kuchipinda. Tsiku lachitatu, ndikusesa, ndinaona kanthu kakuda patsinde pa phiri lojambulidwalo. Ndinayandikira. Kamunthu, kochepa ngati njere ya mpunga, katafunda ambulera.

Ndinabaya phini pamene kanali. M'mawa mwake kanali pamwamba pa phiniyo. Mkuja wake, pamwambanso. Akukwera. Kunsonga kuli mtambo woyera, ndipo ndinadziwa kuti akangolowa mmenemo, basi kwatha.

Ndinalira masiku awiri. Tsiku lachitatu lake ndinadzifunsa kuti, kodi misozi inatsitsapo munthu m'phiri? Ndinaitsitsa nsalu ija n'kuipachika chozondoka, nsonga pansi, tsinde m'mwamba. Ngati akungodziwa kukwera, akwere cholowera kutsinde.

Musaseke. Zinatheka. Tsiku ndi tsiku phini ndimaisuntha, iwo akubwerera. Adutsa mathanthwe, adutsa nkhalango. Lero m'mawa patsala zala ziwiri kuti afike kumphepete kwa nsalu.

Koma sali okha. Kumbuyo kwawo kwaoneka wina, wamtali, akukankha njinga. Pakaliyala pali nsalu imodzi yokulunga.

Ndawaitana a Zakeyu kuti adzaone. Ayang'ana nthawi yaitali, kenako avula chipewa.

"Mayi, usiku uno mukagone kwa anansi. Mukamva kuitana, musayankhe. Ameneyo akudzatenga amene anaitanidwa ku chakudya chija."

Ndawathokoza, ndawaperekeza mpaka pamsewu. Kwa anansi sindipita. Nsapato zija ndazitulutsa m'nkhokwe, ndazipukuta, zili pakhonde. Dzuwa lalowa tsopano, ndipo fungo la mkungudza layamba kale kumveka.

Munthu anatayika chifukwa choitana ine. Ndiye aime panja, phazi limodzi lili pansi, aziitana ine ndili chete?

Akangoti "amake Naomi," ndiyankha.